Nyundo ya a Sidónio ndi makutu a Alzira

Amene anagulako ndowa kapena mbaula pamsika wa Milange m'zaka makumi awiri zapitazi, mwina anagula yopanga a Sidónio. Ndi bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, zala zodzaza zipsera za malata. Ukamalankhula nawo amapendeketsa mutu kuti amve ndi khutu lakumanja, chifukwa lakumanzere linayamba kugontha ndi ntchito. Nkhani iyi anandiuza okha, masiku angapo amene ndinkapita kukamatitsa makheni anga othirira kudimba, ndipo zina anawonjezera akazi awo, mayi Filipa. Pofotokoza sankandiyang'ana. Maso ankakhala pa lata limene linali m'manja mwawo.

Anabadwira ku Mongue. Nkhondo itafika kumeneko mu 1986, iwo ali ndi zaka khumi, anathawa ndi mayi awo ndi alongo awo awiri nkuwolokera ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo m'dera la Mulanje. Kumeneko ndi kumene anaphunzira ntchito. Zitini za mafuta ophikira zikatha, mkulu wina wa pamsasapo ankazidula nkupanga makapu, timapoto ndi nyale za koloboyi. A Sidónio anayamba ndi kuwongola zitinizo, ndipo pofika zaka khumi ndi zisanu ankatha kupinda msoko wa ndowa osadontha. Phokoso la nyundo ankalikonda. Akuti kumsasa kukakhala zii ndiye kuti kwagwa maliro kapena chakudya chatha, choncho kwa iwo kugogoda kunali chizindikiro choti anthu ali moyo.

Mtendere utabwera anabwerera mu 1993, atasenza chidutswa cha njanji chokhomerapo malata. Ku Mongue sanakhazikike. Mudzi wawo unali utasanduka thengo, ndipo ogula ndowa anali kutawuni. Anapeza malo m'bairro lina, chigawo cha tawuniyo, kumunsi kwa msika wa Milange, namanga nyumba ya zidina, nakhoma chisakasa cha ntchito chogundana ndi khoma la nyumbayo. Anakwatira Filipa, mtsikana wa ku Majaua amene ankabwera kumsika kudzagulitsa nyemba. Mwana woyamba, Nilton, anabadwa mu 2000. Alzira anabwera patapita zaka zinayi.

Alzira anali khanda losavuta, mwinanso losavuta mopitirira. Sankalirira kunyamulidwa. Akamayamwa sankayang'ana nkhope ya mayi ake, ankayang'ana kuwala kolowera pa mpata wa denga. Atafika zaka zitatu, ukamuitana dzina sankacheuka, moti anansi anati ndi wogontha. Koma wogontha uti amene amatseka makutu njinga yamoto ikadali kutali, ena onse asanaimve? Ndipo m'mawa uliwonse nyundo ikangogunda lata koyamba, mwanayo ankakuwa ngati wapsa ndi moto. Ankathawira kuseri kwa nkhokwe, zikhatho zili m'makutu, akugwedeza thupi kutsogolo ndi kumbuyo.

Tsiku lina mayi Filipa anati, "Bambo a Nilton, bwanji chisakasachi muchisamutsire kumsewu? Mwanayu phokoso likumupweteka."

"Phokoso limapweteka? Ndi munga kodi?" anayankha motero a Sidónio. "Nilton wakulira pomwepa, wafa? Nyundo imeneyi ndi imene ikumudyetsa. Azolowera."

Sanazolowere. Mayi Filipa anabwereza pempholo kangapo m'zaka zotsatira, kenako analeka.

Mawu oyamba Alzira analankhula ali ndi zaka zisanu, ndipo sanali "amayi" kapena "ababa". Anaima pakati pa bwalo nakuwa kuti, "Muloza! Muloza! Watsala mmodzi!" Anakuwa ndi mawu okanda kukhosi, chimodzimodzi anyamata oitanira anthu pamalo okwerera chapa, timabasi topita ku Muloza kumalire. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Pambuyo pake anabwera ndi ena. Nthawi zina ankati, "Ambuye akhale nanu," ndi kayimbidwe ka wansembe. Nthawi zina, dzuwa lili phwee, ankati, "Mvula iyo, anulani ufa!" ndi mawu a mayi wina woyandikana nawo nyumba. Ukamufunsa kuti, "Ukufuna madzi?" iye ankayankha kuti, "Ukufuna madzi?" A Sidónio ankaona ngati akuwanyogodola, ndipo kangapo konse anamuwomba khofi chifukwa cha zimenezi. Ankamugwiranso chibwano kuti awayang'ane m'maso akamalankhula, mwanayo nkumapotoza khosi ngati akumuonetsa dzuwa.

Kushikola Alzira anakhalako mwezi umodzi wokha. M'kalasi munali ana opitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo onse akayamba kubwereza mawu a pulofesola, mphunzitsi wawo, pamodzi, Alzira ankalowa pansi pa desiki. Anamubweza kunyumba mwaulemu. Zitatero a Sidónio anayamba kufunafuna amene anamulodza. Anamutengera kwa sing'anga ku Majaua, amene anamutema mphini m'masaya ndi pachifuwa. Sizinasinthe kanthu. Kenako mnzawo wina anawauza za tchalitchi chatsopano chimene chinkasonkhana m'chisakasa cha malata, komwe ankatulutsa ziwanda. Kunali masipika awiri aatali ngati munthu. Nyimbo zitayamba, Alzira anaika zikhatho m'makutu.

"Mwaona?" anatero mlaliki. "Chiwanda sichifuna kumva Mawu. Mugwireni manja, bambo!"

A Sidónio anamugwira. Anamukhazika pamiyendo pawo moyang'ana masipikawo, namupanikiza mikono yonse iwiri kumbuyo, pafupifupi ola lathunthu. Mwanayo anakuwa mpaka mawu anatha, kenako anadzikodzera, kenako anangofooka ngati nsalu yonyowa. Anthu anawomba m'manja kuti chatuluka. Kunyumba anakhala masabata atatu osatulutsa liwu ngakhale limodzi, ndipo bambo ake akadutsa pafupi ankabisa manja m'khwapa.

Chaka cha 2016, Alzira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kunabwera munthu wa galimoto wochokera ku Mocuba, wovala malaya oyera osita bwino, kudzafuna makheni ambiri a alimi a kumadimba. Ntchito yaikulu chonchi a Sidónio anali asanaipezepo. Anamukhazika mlendoyo pa mpando wabwino, namuonetsa kheni imodzi, naigogoda ndi nyundo kuti amve kulimba kwa lata. Pomwepo Alzira anatulukira kuseri kwa nyumba. Diresi anali atavala mozondotsa, misoko ili kunja, monga ankachitira masiku onse. Ankakupiza manja m'mwamba akukuwa kuti, "Muloza! Muloza! Watsala mmodzi!"

Mlendoyo anabweza mapazi pansi pa mpando. "Mwana wanu ameneyu, mestre?"

A Sidónio akuti sanaganize nkomwe. Mawu anangotuluka okha. "Ayi, si wanga uyu. Ndi wa abale a mayi akunyumba, a ku Majaua. Timangomusunga."

Alzira anali pafupi, mwina mapazi atatu okha, akuyang'ana khoma. Mayi Filipa anali kumunda. "Ndinadziuza kuti palibe wamva," anandiuza a Sidónio. "Mwanayo ndinkamuona ngati mtondo. Ukalankhula pafupi ndi mtondo, umati wina wamva?" Ntchitoyo anaipeza, ndipo za mawu aja anaiwala.

Zinthu zinapita chomwecho mpaka 2022. M'chaka chimenecho mayi Filipa anagwa pa njinga yamoto akuchokera ku Majaua ndi thumba la nyemba, nathyoka fupa la ntchafu. Anawatumiza kuchipatala cha ku Mocuba, ndipo mng'ono wawo anapita nawo kukawadikirira. Nilton anali ku Quelimane kuntchito. Kwa nthawi yoyamba a Sidónio anatsala okha ndi mwana wawo wamkazi, amene tsopano anali namwali wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Apa ndi pamene anazindikira kuti akhala naye nyumba imodzi zaka zonsezi osamudziwa. Anamupatsa madzi m'kapu ya lata yopanga okha, iye osamwa mpaka madzulo. Sankadziwa kuti amamwera m'kapu imodzi yokha, ya pulasitiki yobiriwira. Anamuikira ndiwo pamwamba pa chinangwa, iye anakankha mbale. Sankadziwanso kuti masiku ambiri iwo akayamba kukhoma, mayi Filipa ankamutenga mwanayo kupita naye kumunda kapena kuchitsime. Ankangoona kuti m'mawa pabwalo pakhala bata, nkumaganiza kuti mwana uja anazolowera monga ananenera.

Tsiku lachinayi anali ndi mbaula zambiri zoti amalize. Anamutsekera Alzira m'nyumba kuti asasochere, nayamba kukhoma kuseri kwa khoma lomwelo. Anamumva akukuwa, "Muloza! Watsala mmodzi!" Anakuwa kawiri, kakhumi, kosawerengeka. Iwo anapitiriza. Dzuwa litafika pamutu kukuwako kunaleka, ndipo atatsegula chitseko anamupeza pakona, atadziluma dzanja lamanzere mpaka mano kulowa, magazi ali pa diresi ndi pansi. Anamutsuka ndi madzi a mchere. M'mawa mwake dzanjalo linali litatupa ngati papaya, ndipo anamutengera ku kachipatala ka pafupi.

Namwino amene anawalandira anali mayi wachikulire, Dona Cremilda. M'chipindamo munali anthu ena atatu odikira kumangidwa mabala, wailesi ikulira pawindo. Dona Cremilda anatenga cholembera nayang'ana a Sidónio. "Ndi mwana wanu, bambo?"

Asanatsegule pakamwa, Alzira anayankha. Mawu ake anatsika nakhala okhuthala ngati a mwamuna, ndipo anayamba ndi kakutsokomola kamene a Sidónio amayambira akamalankhula ndi anthu olemekezeka. "Ayi, si wanga uyu. Ndi wa abale a mayi akunyumba, a ku Majaua. Timangomusunga."

Sanaphonye liwu, ngakhale panali patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Mmodzi mwa odikirawo anali mayi amene ankagula mbaula kwa a Sidónio, ndipo anawazindikira mawuwo kuti mwini wake ndani. Anawayang'ana, kenako anayang'ana pansi. "Ndi wanga," anatero a Sidónio, mawu akutuluka pang'ono. "Ndi wanga wobereka ndekha."

Dona Cremilda sanafunse zambiri. Anapempha ena aja kuti adikire panja, nazimitsa wailesi. Sanaime kutsogolo kwa Alzira. Anakoka mpando nakhala pambali pake, onse awiri akuyang'ana khoma limodzi. Anatenga thonje, naliviika m'mankhwala, nayamba wapukuta dzanja lake lomwe kuti mtsikanayo aone. Kenako anati, "Ndikhudza dzanja. Liwawa pang'ono." Atatero anadikira nthawi yaitali moti a Sidónio anafuna kukalipa kuti, "Yankha, iwe!" Koma asanatero, Alzira anatambasula dzanja lotupalo naliika pa tebulo.

Bala litamangidwa, namwinoyo anawafunsa ntchito imene amagwira ndi kumene amagwirira. Atamva, anapumira m'mwamba.

"Bambo, ndili ndi mdzukulu ku Quelimane wofanana ndi mwana wanuyu. Madokotala kumeneko amati autismo. Ine si dokotala wa zimenezi, ndipo ndikulemberani kalata kuti mukamuonetse. Koma zimene ndaona pano ndikuzidziwa. Si ufiti, si chiwanda, ndipo si kupusa. Anabadwa chomwechi, adzakalamba chomwechi."

"Mankhwala ake alipo, Dona?"

"Si malungo ayi. Chimene chilipo ndi kumumvetsa. Tamverani panopa. Panja pakulira mwana, njinga ikudutsa, wina akusesa. Koma inu mukumva ine, chifukwa makutu anu amasankha. Ake sasankha. Zonse zimalowa pamodzi, ndipo zina zimalowa mokweza kuposa mmene inu ndi ine timamvera. Khungu chimodzimodzi. Msoko wa diresi kwa iye ungakhale ngati chitedze, mwina nchifukwa chake amavala mozondotsa. Sakhala ofanana onse. Mdzukulu wanga phokoso alibe nalo kanthu, koma fungo la sopo limamusanzitsa."

"Nanga bwanji sandiyang'ana ndikamalankhula?"

"Nkhope ndi mawu nthawi imodzi zimamuchulukira. Akayang'ana khoma, mwina ndi pamene akukumvetserani bwino."

A Sidónio anafunsa chimene ankachiopa. "Nanga mawu obwerezawa? Amadziwa chimene akunena?"

"Ife timamanga nkhani njerwa imodziimodzi. Iye amatola khoma lathunthu, pamodzi ndi zonse zimene zinkachitika pamene analimva. Akanena mawu, musamvere mawuwo okha. Dzifunseni kuti anawamva kuti, ndipo nthawi imeneyo kunkachitika chiyani."

"Ndiye kuti amamva zonse zimene timanena?"

"Zonse sindingadziwe," anatero Dona Cremilda. "Koma lero mwadzionera nokha."

Potsazikana anawonjezera kuti, "Mukafika kunyumba, tengani ndowa yanu imodzi, muivale kumutu, wina aimenye ndi nyundo. Sizifanana ndendende, koma muyambira pamenepo."

A Sidónio anachitadi. Anamusiya Alzira kwa mayi wina wa kutchalitchi kwawo, napita kwa mnzawo Germano, wokonza njinga. Germano anaseka, koma ataona nkhope yawo analeka. A Sidónio anakhala pansi, navala ndowa, Germano namenya. Akuti nyundo yoyamba anaimva m'mano. Yachitatu anaimva m'mimba. Anafuna kunena kuti basi, koma mawu awo omwe sankawamva, ndipo manja anakwera okha kufuna makutu, osawapeza chifukwa cha ndowayo. Ndowayo anaivula nyundo isanagunde kakhumi. Anakhala pomwepo pafumbi, Germano akuwafunsa ngati ali bwino, iwo akukumbukira mikono iwiri yaing'ono imene anaipanikiza kumbuyo pamaso pa masipika.

Madzulo ake anaimba foni ku Mocuba, kwa mlamu wawo, napempha kulankhula ndi akazi awo.

"Mayi a Nilton, mwanayu akati Muloza, watsala mmodzi, amatanthauza chiyani?"

Mayi Filipa anati, "Mukufunsa lero?"

"Ndikufunsa lero."

"Anyamata a chapa amakuwa choncho galimoto ikatsala pang'ono kunyamuka. Akatero ndiye kuti akufuna kuchoka pamalopo. Akuti, ndichotseni pano."

"Nanga za mvula ndi ufa?"

"Pali chimene chalakwika ndipo mufulumire. Mwina m'mimba mukumupweteka, mwina wawona galu. Akati Ambuye akhale nanu ndiye kuti wamaliza, wakhuta, chifukwa ansembe amanena choncho Misa ikamatha. Mukamufunsa funso iye nkulibwereza, kawirikawiri ndiye kuti wavomera. Ndinakuuzani zimenezi, bambo a Nilton. Munati ndikumulera mopusa."

Anawauzanso za kapu yobiriwira, za ndiwo zoika m'mbale yakeyake, za kumuuza chinthu usanachite, ndi kuti sakonda kukhudzidwa mopepuka koma ukamugwira phewa molimba amakhazikika. A Sidónio analemba zonse ndi makala pa chidutswa cha katoni. Atadula foni anawerenga zaka. Kuyambira ali ndi zaka zisanu, kwa zaka khumi ndi zitatu, mwanayo ankaima pafupi ndi chisakasa chawo akupempha kuti amuchotse, m'mawu okhawo amene anali nawo, iwo nkumaseka ndi makasitomala.

Sabata yomweyo anagumula chisakasacho. Anasamutsira njanji ndi zida zawo m'mphepete mwa msewu wa ku Mocuba, ulendo wa mphindi makumi awiri pa njinga. Masiku otsala mayi Filipa asanabwere ankagwira ntchito theka la tsiku lokha, Alzira ali kwa mayi wa kutchalitchi uja.

Mayi Filipa anabwera patatha masabata asanu ndi awiri, akuyendera ndodo. A Sidónio anadikira masiku awiri, kenako anakhala nawo pakhonde masana, nawauza za mlendo wa ku Mocuba ndi mawu amene ananena. Anayembekeza kulira kapena kukalipa.

"Ndikudziwa," anatero mayi Filipa.

"Anakuuzani ndani?"

"Mwini wake. Anayamba kuwanena sabata yomweyo. Mukamukalipira, kapena mukamudutsa osamulankhula, amapita kuseri kwa nkhokwe nkumawanena yekha. Mumaganiza kuti mawu a mwamuna wanga sindingawadziwe? Ndi kakutsokomola komwe."

"Bwanji simunandifunse zaka zonsezi?"

"Ndinkadikira kuti mwina mudzamva nokha. Koma mukanamva bwanji? Nyundo inali ikulira."

A Sidónio akuti pa zonse, izi ndi zimene zimawalemera kwambiri: kuti mkazi wawo anawaphikira, kuwachapira ndi kugona nawo nyumba imodzi zaka zisanu ndi chimodzi akumva mawu amenewo kuseri kwa nkhokwe.

Anayesa kupepesa kwa Alzira. Anachita monga anaonera kwa Dona Cremilda. Anakhala pambali pake pamkeka, osamuyang'ana, nanena mawu ochepa. "Alzira. Ndinanama. Ndiwe mwana wanga. Ndinalakwa." Anadikira. Alzira ankapota ulusi wa m'mphepete mwa mkeka. Patapita nthawi anadzuka nalowa m'nyumba. Sanabwereze mawuwo tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sanawabwerezepo. Mawu akale aja amawanenabe nthawi zina, ngakhale mayi Filipa akuti si kawirikawiri ngati kale. A Sidónio akawamva amasiya chimene akuchita nkupita kukakhala chapafupi.

Kalata ya Dona Cremilda anapita nayo ku Quelimane chaka chotsatira. Ulendo wa basi unali wovuta, ndipo dokotala ananena zofanana ndi zimene namwino uja ananena. Chimene anabwera nacho chatsopano ndi zotsekera m'makutu zimene amavala ogwira ntchito pa makina, zimene Nilton anamugulira mlongo wake. Alzira anazikana mwezi wathunthu. Tsiku lina anazivala yekha, ndipo tsopano amapita nazo kumsika ndi mayi ake.

Pali kantchito kamodzi kamene amagwirira pamodzi. Kheni kapena ndowa ikatha, imafunika kuithira madzi kuti uone ngati ikudontha. Kale a Sidónio ankayesera kuchisakasa. Tsopano amazimanga pa njinga nkubwera nazo kunyumba, chifukwa Alzira amakonda madzi. Amadzaza kheni, nkuikweza pa njerwa ziwiri, nkugona chafufumimba kuyang'ana pansi pake. Amatha kukhala choncho nthawi yaitali. Akaona dontho amati, "Mvula iyo, anulani ufa!" ndipo bambo ake amalemba pamalopo ndi choko. Salankhulana zina. Masiku ena safuna, ndipo makheni amabwerera osayesedwa. Masiku enanso amakuwa kuyambira m'mawa popanda amene akudziwa chifukwa, ndipo onse awiri, bambo ndi mayi, amangosowa chochita.

Chaka chatha Nilton anakwatira Natália, mtsikana wa ku Milange konkuno. Akuchikazi anabwereka masipika akuluakulu. A Sidónio anapempha kuti mawu awo monga bambo wa mkwati alankhule koyambirira, nyimbo zisanayatsidwe. Atamaliza anamuuza Alzira kuti, "Tikupita kumunda," ndipo ananyamuka awiri, iwo ali mu jekete yobwereka. Achibale ena anadandaula kuti bambo wa mkwati sachoka pa ukwati wa mwana wake, ndipo ena sanawakhululukirebe. Nilton yekha ndi amene anawaperekeza mpaka pamsewu.

Kumunda anakhala pa mzere wa chinangwa, nyimbo zikumveka patali. Alzira anavula zotsekera m'makutu naziika pamiyendo. Kenako, akuyang'ana masamba, ananena ndi mawu a mzimayi amene a Sidónio sanawadziwe kuti, "Za lero zatha, mubwere Lachinayi."

A Sidónio sanadziwe ngati akuwathamangitsa kapena akuwaitana. Anaganiza zodzuka, anaganiza zokhala, ndipo anakhala, koma anasuntha pang'ono kuti amupatse malo. Atabwerera anafunsa mayi Filipa, ndipo nawonso anali asanawamvepo mawu amenewo. Mayi Filipa akuganiza kuti anawatola kuchipatala. A Sidónio akuganiza kuti ndi kuchigayo. Tsiku lomaliza limene ndinapita kukatenga kheni yanga anandifunsa ngati ndikudziwa mzimayi aliyense mu Milange amene amalankhula choncho, ndipo ndinawauza kuti ndifunsa kwathu.